Kabuku ka Banki ndi Kadi ya ATM ku Salima

Wogulitsa usipa ku Senga Bay amene ankasunga ndalama kubanki kalekale ankadalira kabuku kamene kalaliki ankalembamo pamanja ndalama zolowa ndi zotuluka, kenako n'kudindapo chidindo. Zomwezo zinkalembedwanso m'kaundula wa nthambi imeneyo, choncho munthu ankadziwika kumene anatsegulira akaunti kokha, ndipo banki ikatseka masana ankadikira tsiku lotsatira. Komabe ndalama zake ankaziona ndi maso papepala, magetsi akhalepo kapena ayi.

Njira ya makompyuta inachokera kutali. Mu 1959 Bank of America inayamba kugwiritsa ntchito makina otchedwa ERMA, amene ankawerenga manambala olembedwa ndi inki ya maginito pa macheke, ndipo mu 1967 banki ya Barclays inaika makina ake oyamba otulutsa ndalama ku Enfield mumzinda wa London. Kuno kwathu, kampani ya National Switch inalumikiza ma ATM a mabanki osiyanasiyana mu 2015, moti lero kadi ya banki imodzi imatulutsa ndalama pa makina a banki ina pa boma pa Salima ngakhale usiku, kungoti amadulapo kandalama.

Pa liwiro, kompyuta inapambana kutali. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi agogo amene amaiwala nambala yachinsinsi, mpaka kuiulula kwa mdzukulu wowaperekeza pamzere, pamene kabuku kaja kankangofuna siginecha kapena chala chawo. Netiweki ikavutanso, kalaliki ndi kasitomala amangoyang'anizana, poti kaundula wa pepala anachoka pa kauntala.