Kusiyana ndi wolera ana: agwire notisi kapena mungomulipira?

Mwana akayamba sukulu ya mkaka, ntchito ya wolera ana imatha iye asanalakwe kanthu. Njira zosiyanirana zilipo ziwiri.

Yoyamba ndi kumupatsa notisi yolemba, yotchula tsiku lomaliza, iye n'kumagwirabe ntchito mpaka tsikulo. Wopindula kwambiri ndi mwana, chifukwa amazolowera pang'onopang'ono: m'mawa kusukulu, masana ali ndi womulera. Wolerayo amapezanso mpata wolemba nthawi imene mwana amagona, zakudya zimene amakana ndi mankhwala ake. Koma muzimulola kuchoka maola angapo kukafunsira ntchito kwina. Mukamukaniza, mtima wake umachoka pantchito, ndipo woyamba kuzindikira ndi mwanayo.

Yachiwiri ndi kumulipira ndalama za notisi yonse n'kusiyana tsiku lomwelo. Imathandiza banja likamasamuka mwadzidzidzi, koma mwezi umenewo mumalipira kawiri (malipiro a masiku amene wagwira ndi ndalama za notisi), ndipo mwana amangodzuka n'kupeza munthu wake palibe. Ngati palibe changu, yoyamba ndiyo yabwino.

Mulimonsemo, kutalika kwa notisi kutsatire pangano lanu ndi malamulo a ntchito. Lipirani masiku atchuthi amene sanapume, lembani kalata ya umboni, ndipo ngati amagonera pakhomo, mpatseni nthawi yopezera pokhala.