Kashopu koyika mafilimu pa Nchalo: foda ya Pete Edochie ilipo, koma samalani ndi omasulira aja

Amene mumakonda mafilimu akale a ku Nigeria, pa Nchalo pafupi ndi msika pali kashopu kena komwe mnyamata amayika mafilimu mu memore kapena mu fulashi. Tishopu totere tilipo tambirimbiri koma aka ndimakakonda chifukwa mwana ameneyu anasanja mafoda potengera munthu wosewera, osati kungounjika. Ukangoti ndikufuna madala a ndevu aja amakhala mfumu mufilimu iliyonse, iye wadziwa kale kuti ukunena Pete Edochie, watsegula foda basi.

Ambiri kuno madalawa timangowadziwa nkhope, dzina ayi. Anabadwa mu 1947 ndipo asanayambe za mafilimu anali munthu wa pa wailesi, ntchito youlutsa mawu anayamba mu 1967 kum'mawa kwa Nigeria. Ndiye mawu olemera aja, kuyankhula modekha kopanda phuma kuja, zinachokera kumeneko. Kutchuka kwenikweni kunabwera mu 1987 atasewera ngati Okonkwo mu Things Fall Apart ya pa TV ya boma, NTA, yochokera mu buku la Chinua Achebe. Apo n'kuti ali ndi zaka 40, mafilimu a pa tepi aja tinkawaonera mu vidiyo sho asanafale n'komwe.

Mu fodamo zigawo za Okonkwo zilimo, chithunzi chake ndi chotuwa ndithu koma izo ndi ukalamba wa filimu, mnyamatayu sitingamunene. Igodo ya 1999 ilimo. Lionheart ya 2018 ilimonso ndipo ikuoneka bwino kwambiri, ija akusewera ngati bambo ake a Genevieve Nnaji, mwini kampani ya mabasi amene wadwala, Nkem Owoh ali m'bale wawo. Mukaonera motsatana muona nokha munthu akuchoka pa chimphona chogwetsa anzake mpaka gogo wongokhala pampando, koma akatsegula pakamwa nyumba yonse zii.

Pamene ndikudandaula ndi apa. Ambiri mwa mafilimuwo ndi omasulira mu Chichewa, aja a DJ oyankhula pamwamba. Pa filimu ya karate palibe vuto, kumenyana sikufuna mawu, DJ atha kubwebweta mmene angafunire tiziseka. Koma Edochie luso lake lonse lili pa mawu ndi pa miyambi, amayamba wakhala chete kaye, kukuyang'ana, kenako n'kuponya mwambi umodzi wokha, ndiye DJ akulowerera pomwepo ndi nthabwala zake za ku Ndirande, mwambi uja wafera m'mazira. Zili ngati kuthira shuga mu ndiwo za chambiko. Ndikudziwa agogo ndi ana kunyumba amakonda omasulirawo poti Chingerezi chimawadutsa, chabwino, koma inu amene mumamva muuzeni akuyikireni osamasulira, ali nawo ena koma sanena ukapanda kufunsa.

China, mu foda yomweyo anasakanizamo mafilimu a Yul Edochie, mwana wawo, poti dzina ndi limodzi. Ndipo mukudziwa za ku Nigeria zimakhala ndi part 1, part 2, nthawi zina part 2 palibe, ufika kunyumba nkhani yathera panjira mfumu isanaweruze mlandu. Tsegulani pompo muone musanalipire, sakwiya.

Mtengo si woboola m'thumba ukayerekeza ndi bandulo yomwe ungawononge kudawuniloda wekha ndi netiweki yathuyi, ndipo ukatenga ambiri amakuchotserako. Ali ndi sola ndiye magetsi akazima ntchito siyima. Koma pitani kum'mawa abale, kashopuko ndi ka malata, masana ndi dzuwa la kuno simungapilire kudikira fulashi idzadze, komanso madzulo odula nzimbe akaweruka pamakhala mzere. Fulashi yanu ikhale yopanda zinthu zofunika, kompyuta imeneyo imalandira ma memore a Nchalo yense.