Mijigo ya kumidzi ya Mchinji: madzi ndi abwino, vuto ndi kukonza

Mukafunsa amayi a ku Mkanda kapena ku Kapiri za mijigo yawo, ambiri amayamikira madzi ake: ndi oyera, sanunkha ngati a pachitsime cha m'dambo. Dandaulo lawo ndi mzere. Mjigo umodzi umayenera anthu 250, koma pomwe mudzi ndi sukulu zikutungira pamodzi, ana asukulu amachedwa m'kalasi atanyamula zigubu.

Mijigo yambiri kuno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo imachenjeza isanafe. Chogwirira chikamagwedera ndi kulira, ndiye kuti mabushi a pulasitiki aperepeseka. Asintheni msanga, apo ayi amadya pini yachitsulo, yomwe ndi yodula. Mukapopa nthawi yaitali m'mawa madzi asanatuluke, valavu ya pansi ikudontha. Madzi akamabwera ochepa chikhalirecho mukupopa mwamphamvu, labala ya pa pulanja, kachipangizo kokweza madzi m'paipi, yatha. Zonsezi komiti ya mjigo yophunzitsidwa imakonza yokha ndi zida zochepa, kusolola ndodo za m'paipi imodziimodzi. Mapaipi akang'ambika m'pamene pafunika mmisiri wa m'dera.

Makomiti ndiwo amasiyanitsa mijigo. Komwe khomo lililonse limasonkha mwezi ndi mwezi, msungichuma n'kumalemba m'buku, labala yatsopano imakhala ili kale m'nyumba. Komwe amayamba kusonkha mjigo utafa, anthu amabwerera kudambo milungu ingapo, ndipo nthawi yadzinja kumeneko ndi kuitana kolera.

Ngalande yotayira madzi pa mjigo nayonso anthu amainyozera. Ikasweka, madzi amadikha pambali pa simenti, nkhumba n'kumafukula pomwepo.