Khola lakale likasanduka kalasi: kulikutira kunja kapena kumanga chipinda m'kati?

Ku Shelburne Farms, m'mbali mwa nyanja ya Champlain ku Vermont, chinyumba cha pafamu chomangidwa m'zaka za m'ma 1880 lero ndi malo ophunzitsira ana za ulimi. Makola otere ngambiri ku America, ndipo mdani wawo ndi chisanu chomwe chimalowera m'ming'alu ya matabwa.

Ena amakutira chinyumba chonse kunja ndi zotchinga kuzizira. Mizati ndi mitanda yakale imaonekabe m'kati, ana n'kumaisisita, koma kunja maonekedwe amasinthiratu. Komanso mumatenthetsa mpweya wonse mpaka kudenga, komwe kumagona akadzidzi okha.

Ena amamanga chipinda chatsopano m'kati, ngati bokosi, osakhudza makoma akale. Malo amachepa, n'zoona. Koma heat pump (makina amagetsi otenthetsera chipinda) yaing'ono imakwanira, ndipo mphepo imadutsabe pakati pa bokosilo ndi matabwa, n'kumawaumitsa. Nkhani yagona pamenepa: mpweya wofunda wa ana odzaza kalasi ukakhudza mtengo wozizira, chinyezi chake chimasanduka madzi, mtengowo n'kumawola pang'onopang'ono wina osaona.

Ine ndingasankhe bokosi, ngakhale ana azivala majekete akamatuluka m'kalasi kukayang'ana mitanda ija.