Kashopu ka makompyuta ka ku Area 25 kanandikonzera makalata 86

Ndine mlembi wa gulu lathu la banki mkhonde, ndipo tisanagawane ndimalembera membala aliyense kalata yomuuza masheya ake, ngongole yotsala ndi tsiku la msonkhano. Tilipo 86. Chaka chino mwana wanga anandionetsa mail merge ya mu Microsoft Word. Umalemba kalata imodzi yokha, mayina ndi ndalama n'kuziika mu Excel, kenako kompyuta imadzaza yokha pa kalata ya aliyense.

Makalata atatuluka, mutu unandiima. Msonkhano wathu unali wa pa 3 Epulo, koma panalembedwa 4/3/2025, ndipo aliyense kwathu kuno akanawerenga kuti ndi pa 4 Malichi. Masheya a mayi wina a K187,500 anangotuluka 187500. Chiwongoladzanja cha wina chinabwera ndi manambala ambirimbiri kuseri kwa kadontho. Ndalama za anthu si zosewera nazo. Kalata yotere ikafika pagulu, amayamba kukuyang'ana ngati wadyapo. Manambala a foni nawo anali atataya 0 woyamba uja.

Ndinanyamula laputopu kupita pa kashopu kena pafupi ndi msika, kamene amataipa ndi kupanga fotokope. Ndinapeza mtsikana wachichepere. Sanandilande laputopu kuti angokonza mwakachetechete ngati mmene ena amachitira. Anakoka mpando n'kunena kuti, "Mayi, khalani apa muzionera, chaka chamawa mudzapange nokha."

Anandifotokozera kuti Word akamatenga nambala ku Excel satenga maonekedwe ake. "Amatenga thupi lokha, zovala amazisiya komweko," anatero. Anadina Alt ndi F9 pamodzi, ndipo pamene panali ndalama panaoneka mawu akuti MERGEFIELD Masheya. Pambuyo pa mawuwo, mkati mwa timabulaketi towazungulira, anawonjezera \# "#,##0.00", ndipo K anamulemba pa kalata penipeni, nambala isanayambe. Pa tsiku anawonjezera \@ "d MMMM yyyy". Anandichenjeza kuti M wa mwezi akhale wamkulu, chifukwa m wamng'ono amaimira mphindi. Atadinanso Alt ndi F9 n'kuyang'ana pa Preview Results, panali K187,500.00 yooneka bwino.

Mwezi unatuluka m'Chingerezi, April, pomwe kalata yonse inali ya Chichewa. Ine ndinafuna Epulo. Anaganiza pang'ono n'kuti popeza tsikulo ndi limodzi kwa onse, tingolilemba ndi manja pa kalatapo. Ichi chinandisangalatsa, chifukwa sanafune kudzionetsa kuti ndi katswiri pa chinthu chosafunika ukatswiri.

Za foni, vuto linali ku Excel komweko, chifukwa amaona 099 kapena 088 ngati nambala yowerengera, ndiye 0 wakutsogolo amamuchotsa. Anasintha mzere wonsewo kukhala Text ndipo tinabwezeramo 0. Apa ndi pamene tinatherapo nthawi, ine ndikuwerenga m'kope, iye akutaipa. Mayina amene ankatuluka ndi zilembo zosiyana ndi za kalata anawakonza ndi \* CHARFORMAT.

Sikuti zonse zinali bwino. Malowo ndi ochepa kwambiri, mipando ilipo iwiri basi, ndipo ana asukulu ofuna fotokope ankatidula pafupipafupi. Magetsi atazima tinadikira pafupifupi ola lathunthu chifukwa alibe jenereta. Inki nayo inali ikutha, moti makalata 7 omaliza anatuluka otuwa. Nditamuonetsa sanakangane nane, anasintha inki n'kuwasindikizanso osandilipitsa.

Pa kukonza ndi kundiphunzitsa ndinapereka K5,000, kusindikiza kunali padera. Kwa ine mtengowo ndi woyenera, poganizira kuti kale ndinkagona mochedwa masiku atatu ndikulemba makalatawa imodziimodzi.

Ngati muli mlembi wa mpingo, wa sukulu kapena wa gulu ngati lathu, pitani m'mawa ana asanaweruke, ndipo mutenge mafayilo onse awiri, ya Word ndi ya Excel, chifukwa imodzi yokha sithandiza. Ndikutsanzika, mtsikanayo anandilembera zizindikiro zonse zija pa kapepala. Ndinakamata kuchikuto kwa kope la masheya, ndipo makalata a ngongole a mwezi watha ndinawapanga ndekha kunyumba.