Word Generation: mawu asanu pa sabata, aphunzitsi anayi, sukulu zonse pamodzi

Mwana akhoza kudziwa bwinobwino mmene madzi amasandukira nthunzi koma n'kulephera funso chifukwa cha liwu limodzi loti "interpret". Mawu amtunduwu amapezeka m'masamu, m'sayansi ndi m'mbiri momwe, ndipo poti ndi a aliyense, palibe mphunzitsi amene amawaona ngati ntchito yake. Pulogalamu ya Word Generation inapangidwira vuto limeneli. Anaikonza ndi a bungwe lofufuza za maphunziro la SERP ku America mogwirizana ndi sukulu za boma za mumzinda wa Boston, motsogozedwa ndi Catherine Snow wa ku yunivesite ya Harvard. Zipangizo zake zimapezeka pa intaneti mwaulere.

Gawo lomwe tikuliwunika pano ndi WordGen Weekly, la ana a giredi 6 mpaka 8. Lili ndi mitu 72, m'magulu atatu a mitu 24, ndiye kuti mwana atha zaka zitatu osabwereza mutu. Mutu uliwonse umatenga sabata imodzi ndipo uli ndi mawu asanu. Ambiri mwa mawuwa ndi ochokera pa Academic Word List, mndandanda wa mawu a Chingerezi ofala m'mabuku a maphunziro, umene Averil Coxhead wa ku New Zealand anatulutsa mu 2000, wokhala ndi mabanja a mawu 570.

Sabata imayenda chonchi. Lolemba mphunzitsi wa Chingerezi amawerenga ndi ana kankhani kafupi kokhala ndi funso lomwe anthu amasiyana nalo maganizo, mawu asanu aja ali mkati mwake. Masiku atatu apakati amagawana aphunzitsi ena: wa masamu ali ndi funso lowerengetsera, wa sayansi ali ndi kakafukufuku koti ana akambirane, wa maphunziro a chikhalidwe amayendetsa mtsutso. Lachisanu mwana aliyense amalemba mbali yomwe waima ndi zifukwa zake. Tsiku lililonse ntchitoyi imatenga mphindi pafupifupi 15.

Mphamvu yake ili pa kubwerezaku. Liwu ngati "factor" mwana amalimva pakamwa pa aphunzitsi anayi, ndipo amazindikira yekha kuti m'masamu ndi nambala yogawa inzake popanda chotsala, pomwe pamtsutso ndi chimodzi mwa zinthu zochititsa kanthu. Kulemba matanthauzo pabolodi kuti ana akopere m'makope sikungamufikitse pamenepo.

Koma pomwe pali mphamvu ndi pomwenso pamaduka. Wa masamu akaona kuti silabasi yamutsalira, choyamba kutaya ndi mphindi 15 zija, ndipo Lachisanu ana amalemba ndi mawu omwe sanawamve mokwanira. Choncho amene akuyang'anira sukulu zambiri asayambe ndi kusindikiza mapepala. Ayambe ndi ndandanda ya nthawi. Dzina la mphunzitsi lilembedwe pa tsiku lake, pasukulu iliyonse pakhale munthu mmodzi woona kuti sabata yatha bwanji, ndipo sukulu zonse zikhale pa mutu womwewo sabata yomweyo, kuti mwana wosamuka asapeze anzake ali kwina. Mitu 24 pa matemu atatu ndi 8 pa temu, zomwe zimasiya malo a mayeso ndi masiku a tchuthi. Yesani ana pa mawu ena osankhidwa chaka chisanayambe ndi pamapeto pake, apo ayi simudzadziwa ngati khama lonselo labala kanthu.

Mtsutso nawo umafuna maphunziro akeake. Mphunzitsi wozolowera kuyankhula yekha amausandutsa mafunso a inde kapena ayi, ndipo m'kalasi ya ana ochuluka amayankhula ndi atatu omwewo. Ana ayambe akambirana awiriawiri, kenako magulu, pomaliza kalasi yonse.

Chomwe sichikundikhutiritsa n'chakuti nkhani zambiri zazikidwa pa moyo wa ku America: malamulo awo, madola awo, mikangano ya m'sukulu zawo. Chingerezi chake n'cholemera kwa mwana amene kunyumba amayankhula Chichewa, ndipo mawu 120 pa chaka ndi ochepa poyerekeza ndi omwe amakumana nawo m'mabuku. Ulere wake umathera pa kutsitsa zipangizozo pa intaneti. Mapepala ndi inki ya ana mazanamazana ndi za sukulu.

Kwa alangizi a maphunziro m'mazoni a ku Malawi, kumene ana amalemba mayeso a Sitandade 8 ambiri m'Chingerezi, ndikulangiza kutengako dongosolo la sabatalo, osati nkhani zake. Aphunzitsi akumane ku TDC, malo okumanirana aphunzitsi a m'zoni, temu isanayambe, asankhe mawu 40 m'mabuku ndi m'mapepala akale a mayeso, alembe nkhani zisanu ndi zitatu pa mafunso omwe ana angakangane nawo zenizeni, monga kuwotcha makala kapena kuphunzira Loweruka. Kope limodzi la mphunzitsi ndi bolodi n'zokwanira poyambira.