Godin 5th Avenue Kingpin: miyezi 8 chiigulireni

Ndimayimba gitala kutchalitchi kwathu kuno ku Leicester Lamlungu lililonse, ndipo Lachinayi madzulo timakumana ndi anzanga atatu kuyimba jazz. Kwa zaka zambiri mtima wanga unali pa gitala ya archtop, ija ya mphako mkati, yotukuka pamimba ngati vayolini, yokhala ndi zibowo ziwiri zooneka ngati chilembo cha f. Ndalama zitakwana, ndinakwera sitima kupita ku London, ku Denmark Street, msewu wa masitolo a magitala.

M'sitolo ina ndinapezamo Gibson ES-125 ya m'ma 1950. Vanishi wake anali atang'aluka timizere ting'onoting'ono ngati nthaka ya m'dambo mu Okutobala, ndipo kuseri kwa khosi utoto unali utatheratu pamene chala chachikulu cha mwini wake woyamba chinkakhala. Nditangoikhudza nsambo, thupi lonse linachita tsemwe. Mawu ake anali ouma, ofunda, otuluka msanga osachita kuwakakamiza. Ndinakhala nayo pamiyendo pafupifupi ola lathunthu.

Bambo wogulitsayo anali wachilungamo. Anandionetsa yekha kuti ma fret anali atadyeka, ndiponso kuti bridge inali itatsitsidwa kale mpaka pamapeto, chizindikiro chakuti ukalamba wayamba kupendeketsa khosi. Kukonza zimenezo ndi ntchito ya mmisiri weniweni, ndipo si ya ndalama zochepa. Mtengo wa gitalayo unali kale pafupifupi katatu poyerekeza ndi Godin. Koma chimene chinandibweza kwenikweni ndi thabwa la pakhosi, pamene timaponda zala. Ma Gibson a nthawi imeneyo ankaikapo Brazilian rosewood, mtengo umene pangano la CITES linauteteza kotheratu kuyambira 1992. Kuwoloka nayo malire kumafuna zikalata, pamene ine ndikufuna kuti ndikamapita kumudzi pa Khirisimasi gitala izipita nane, bambo anga akaimve.

Ndiye ndinatenga Kingpin yatsopano, yopangidwa ku Canada. Nzeru yake ndi yofanana ndi ya ES-125: thupi la timatabwa tomatikiza, pano ta mtengo wa cherry, ndi pickup imodzi ya P-90 pafupi ndi khosi. Ndi yopepuka, moti phewa silidandaula ngakhale mapemphero atatalika. Itangofika kunyumba ndinachotsa nsambo zake n'kuikapo za flatwound, zosalala zija, ndipo mawu ananenepa nthawi yomweyo. Pa amplifaya, ndikatsitsa tone pang'ono, imalankhula mofatsa pansi pa mawu a kwaya osawaphimba. Popanda amplifaya imamveka bwino m'chipinda, koma musayembekezere kuti ingadzaze holo.

Pali zinthu ziwiri zoti mudziwe, ndipo n'za mtundu wonse wa magitalawa, akale ndi atsopano omwe. P-90 imachita kaphokoso ka "mmm" mukayandikira magetsi ena, ndipo gitala ya mphako imalira "fiii" mukakweza kwambiri mutayang'anizana ndi sipika. Ndinasuntha mpando wanga kutchalitchi, vuto linatha. China, bridge siinamatidwe, imangogwiridwa ndi nsambo. Posintha nsambo muzichotsa imodziimodzi, apo ayi imasuntha ndipo gitala imayamba kunama mukamakwera khosi.

Kodi ikufanana mawu ndi Gibson ija? Ayi, sindingakunamizeni. Yakale ija inali ndi kanthu kena kamene zaka 70 zokha zimapereka, ndipo nthawi zina usiku ndimaikumbukabe. Koma iyi ndakwera nayo basi m'mvula, ndaisiya m'chipinda chozizira cha kutchalitchi, ana a Sande Sukulu aigwiragwira, ndipo khosi likadali chilili. Mwezi watha inagundika pachitseko n'kuchita kachipsera pambali. Ndinapukuta ndi mpango, n'kupita kukayimba.